Mizati Khumi Yopanda Choko

Ulusi wa m'bobini unatha ndili pakati pa mpendero wa katani. Ndinatukwana chamumtima. Nyumba za ku Area 15 anaziikira mawindo akuluakulu ngati okhalamo savula, ndipo chibwerereni kuchokera ku Zomba tinkangopachika zitenje pamisomali. Bambo a ana anga, a Zikhale, anali adakali ku Zomba komweko, kulongedza mafayelo a ofesi yawo kuti likulu lisamuke bwino. Zoti nyumba yawo isamuke bwino anandisiyira ine, pamodzi ndi ana anayi ndi fumbi lofiira lolowa mpaka m'shuga.

Makina osokerawo sanali anga. Anandibwereka Bernadetta wa nyumba yoyandikana nafe, munthu yekhayo mumzere wonsewo amene anabwera kudzatilonjera tsiku lomwe lole inatitsitsa. Ndinakoka kadirowa ka makinawo kufuna bobini ina. Bobini munalibe. Munali kansanza komanga mfundo, ndipo nditamasula munatuluka zitsekerero za mabotolo, chilichonse cholembedwa nambala mkati ndi penti wofiira. 8. 17. 26. Zinazo sindinaziyang'ane n'komwe. Ndinati ndi zoseweretsa za ana ake, ndinamanganso n'kubweza.

Apo ndi pomwe ndinamva munthu akulira pabwalo.

Anali Efelo, mkazi wa mlongo wanga Jobu. Anayenda wapansi kuchokera ku Kawale, mwana kumsana, matope mpaka m'mawondo.

"Alamu! Awagwira! A Jobu awagwira!"

"Khala pansi. Imwa madzi awa. Tsopano nena bwinobwino, kulirako ukalirira kwanu."

Ananena modukizaduka, koma ndinamva. Jobu anali mlonda wa usiku pa kampani ina yomanga maofesi ku City Centre. Dzulo lake kunagwa mvula yoyamba, ndipo khoma lomwe anali atangolipaka penti linasukusulika lonse, pentiyo n'kuyenderera m'ngalande ngati mkaka. Mabwana anatsegula zitini za m'nyumba ya katundu, n'kupeza kuti zambiri munthu anapungula penti weniweni n'kuthiramo madzi ndi laimu. M'mawa Jobu akuti aziweruka, apolisi anamukweza galimoto.

Bernadetta anali atafika kale pakhomo, manja ali ndi thovu la sopo.

"Pitani, asisi, ana ndiwaona ine. Efeloyu agone pang'ono kwanga. Ndipo musade nkhawa, bambo akunyumba ali komweko. Si ndi amene anamulowetsa ntchito? Sangamutaye."

Zinali zoona. Amuna ake, a Orton, anali kalaliki wosunga katundu pa kampani yomweyo, ndipo ntchito ya Jobu anaipeza ndi iwo, ine nditangodandaula kamodzi pampanda. Ndinafunditsa makinawo nsalu, ndinasintha chitenje, ndinapita kukadikira basi.

* * *

Kupolisi ndinapeza Sajeni Chikaonda akusenda bango ndi kampeni. Anali munthu wamkulu thupi, wa maso otopa ngati anga, ndipo sanadzuke.

"Mayi, penti sayenda yekha. Masana pamalopo pamakhala anthu mazanamazana. Usiku pamakhala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo ndi mlongo wanu."

"Loko anathyola?"

"Sanathyole."

"Kiyi ali nayo?"

"Wakuba sasowa kiyi, mayi."

"Kunyumba kwake mwapezako penti?"

"Tapezako mphasa ndi Baibulo." Anatafuna bangolo. "Ochenjera sasunga kunyumba. Lolemba akaonekera kukhoti. Katunduyu ndi wa ntchito ya likulu, ndiye musayembekezere kuti akangomukalipira. Ndi zaka zimenezi."

Linali Lachisanu. Ndinapempha kumuona.

Jobu anali atakhala pakona ya chitolokosi, manja pamawondo, ngati ali m'tchalitchi. Ndi munthu amene chibadwire sanathamangepo, ngakhale poyankhula.

"Achemwali, mwavutikiranji? Basi yadula masiku ano."

"Iwe, unalowapo m'nyumba ya katunduyo?"

"Ine? Ngakhale fungo la pentiyo ndimalimvera panja. A Orton akatseka amandionetsa loko, ine n'kumukoka kawiri, basi. M'mawa amandipeza pabenchi."

"Usiku kumabwera galimoto?"

"Kumabwera fisi. Kawiri ndamuona, kumbali kwa mchenga." Anakanda mutu. "Achemwali, jasi la kampani ndalisiya pabenchi. Wina akalitenga adzati ndaba ndine."

Ndinafuna kumumenya khofi, ndinafunanso kulira. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. Ndinamusiyira mabanzi n'kutuluka.

Panja ndinakumana ndi a Orton akutsika njinga, tayi ili pakhosi, zopanira thalauza zili m'akakolo. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ankayankhula motsitsa ngati nthawi zonse pali wodwala pafupi.

"Mayi Zikhale, pepani, pepani ndithu. Manyazi ndi anga, poti ndinamuikira umboni ndine. Mwana wabwino, koma tauni ino ikuwononga anthu."

"Mukuti waba?"

"Ine sindiweruza. Ndiyankhula ndi mabwana kuti amuchitire chifundo. Inu bwererani kwa ana, kuntchito kuja musapiteko, kulibe chomwe mungakaoneko." Anakankha njinga pang'ono, kenaka anatembenuka. "Kodi makina aja mwathana nawo? Amafuna mafuta amene aja. Ndidzawatenga madzulo ano ndikaweruka."

Mlongo wanga ali m'chitolokosi, munthu akuganiza za mafuta a makina. Ndinangoti chabwino. Ndipo poti anati ndisapiteko, ndinakwera basi ya ku City Centre.

* * *

Masiku amenewo ukachoka ku Old Town unkadutsa tchire lokhalokha, kenaka mwadzidzidzi n'kuona zinyumba zosatha zitatuluka m'udzu, zitsulo zili m'mwamba. Khomalo sindinafunse munthu. Linkaoneka uli patali, mizeremizere yotuwa kuchokera kudenga mpaka pansi.

Pansi pake panali mmisiri wopaka penti atakhalira ndowa yovundikira, akusuta. Anati dzina lake ndi Edwell, ndipo sanadikire kuti ndimufunse kawiri.

"Mayi, ine ndapaka penti ku Limbe konse, amwenye amandidziwa. Penti weniweni amagwira burashi ngati phala la mwana. Uyu? Tiyi wa pamaliro! Ndinanena ine. Ndinati akapitao, tikupaka madzi apa. Akuti iwe Edwell, penti ameneyu amayezedwa Lolemba lililonse ndi munthu wa satifiketi, iwe satifiketi yako ili kuti? Ndinati chabwino, khoma si langa."

"Munayamba liti kuona wamadziyo?"

"Kalekale! Koma ankapita m'kati, m'makolido, m'zimbudzi, komwe mvula sifika. Kunja tinkalandira wabwino."

"Ankasankha ndani?"

"A Orton, eni makiyi. Amaima pakhomo, zitini izi zam'kati, izi zakunja. Munthu wadongosolo zedi. Koma sabata yatha anapita kumaliro ku Ntcheu, makiyi anasiyira akapitao, ife tinangonyamula zomwe zinali pafupi." Analoza khomalo ndi ndudu. "Ndiye Mulungu anabwera kudzayeza yekha."

Ndinayamba kuwakayikira a Orton, koma ndinadziletsa. Munthu wosunga katundu ntchito yake ndi kugawa katundu. Ndinafunsa za wa satifiketi uja.

"Uyo ali pansi pa mtengoyo. Muyankhule naye bwino, angadzimangirire."

* * *

Anali mnyamata wa zaka za m'ma makumi awiri, wa ku Rumphi, dzina lake Norman Gondwe. Suti yake inali yabwino koma atagona nayo. Anaimirira pondipatsa moni, ndipo Chichewa chake chinali chosamala, liwu lililonse palokha.

"Amama, ine ndiye ndatha. Malipoti anga onse akuti penti ali bwino. Bwana akuti kaya ndine chitsiru kaya ndine wakuba, ndisankhe ndekha."

"Munkayeza bwanji?"

"Ndi zovuta pang'ono kufotokoza. Sitingatsegule zitini zonse, chifukwa penti akatsegulidwa amayamba kuuma. Ndiye timasankha zochepa, koma osati ndi maso. Timachita maere."

"Zitinizo mumaziunjika m'mizere ingati?"

Anandiyang'ana. "Makumi atatu."

"Mumatola ingati pa sabata? Ndipo mukatola mumabweza, kapena mumaika padera?"

"Isanu. Timabweza." Anandiyang'ananso. "Amama, munaphunzira kuti zimenezi?"

"Ndinagwira ntchito ku Zomba, ku ofesi yowerengera anthu ndi mbewu, mpaka mwana wachiwiri atabadwa. Tinkasankha midzi yokafunsa mwa njira yomweyo. Nenani msanga, ana ndasiyira eni ake."

Anafotokoza. Mzere uliwonse wa zitini unali ndi mzati wake wolembedwa nambala. Manambala omwewo anawalemba pa tizitsulo n'kutiika m'chitini chopanda kanthu. Lolemba lililonse ankapisa dzanja osayang'ana, kutola tisanu, n'kutsegula chitini chimodzi pa mzere uliwonse womwe wagwera maere. Anachita zimenezi kuyambira nthawi yokolola mpaka sabata yatha, ndipo sanapezepo chitini choipa ngakhale chimodzi.

"Nanga mabwana atatsegula zonse dzulo, apeza mizere ingati yoipa?"

"Khumi."

"Khumi pa makumi atatu. Ndiye kuti pa mizere itatu iliyonse, umodzi ndi wa madzi. Inu miyezi yonseyi osaugunda?"

"Ndi zomwe sindikugona nazo."

"Bambo Gondwe, supuni imodzi imakwana kudziwa mchere wa ndiwo zonse, bola utatakasa kaye. Ine ndikufuna kuona amene ankatakasa."

Makiyi a nyumba ya katundu anali ndi apolisi. Mwamwayi Sajeni Chikaonda anafika masana ndi galimoto kudzalemba mawu a akapitao, ndipo ndinamuimirira kutsogolo mpaka anatopa nane.

"Mayi, kodi kwanu kulibe ntchito?"

"Iliko yambiri. Tsegulani ndione, ndikusiyani."

Anatsegula.

M'katimo munali mdima ndi fungo lolasa m'mphuno. Zitini zinali zitaunjikidwa m'mizere, ndipo mizere yoipa apolisi anali ataizunguliza chingwe. Koma ine maso anga anapita pa mizati. Inali ndi timizere ta choko, wina pamwamba pa mnzake, ngati makwerero.

"Izi n'chiyani?"

"Ndimalemba ine," anatero Norman. "Mzere ukagwera maere, ndimaika kachizindikiro pamzati wake."

"Munayamba mwaima pakhomo pano n'kuiyang'ana yonse pamodzi?"

Anabwera kudzaima pambali panga. Kuchokera pakhomopo zinkaoneka ngati munda womwe mbewu zamera mosiyana. Mzati uwu timizere tisanu ndi kamodzi, uwo tisanu ndi tinayi, winawo tisanu ndi tiwiri. Kenaka mzati woyera, wopanda kanthu. Kenaka ena odzaza, kenaka wina woyera. Mzati uliwonse wopanda choko unali womwe wazungulizidwa chingwe.

Norman anayenda mzere ndi mzere akuwerenga, milomo ikugwedera. Atabwerera mawu ake anali atasintha.

"Ndatola ka 140. Kugawa pa mizati makumi atatu, avereji imayenera kukhala kanayi kapena kasanu pa mzati uliwonse. Wina ukhoza kupeza kawiri, wina kasanu ndi katatu, maere amatero. Koma apa mizati makumi awiri avereji yake ili pa kasanu ndi kawiri, ndipo khumi ilibe ngakhale kamodzi."

"Tsoka basi," anatero Sajeni. "Maere ndi maere."

"A Sajeni," ndinatero, "mugule dengu la mango pa Msika wa Lilongwe, bango limodzi pa atatu aliwonse lowola. Mutseke maso, muzitola n'kubweza, kutola n'kubweza, kuyambira pano mpaka Khirisimasi. Mukapanda kugwira lowola ngakhale limodzi, mudzati ndi mwayi? Kapena mudzati wina wachotsamo owolawo inu mutatsinzina?"

Sajeni anasiya kutokosa m'mano.

"Mzati umodzi kapena iwiri kusowa choko, zikhoza kuchitika," anatero Norman. "Khumi, ndipo khumi yomweyo yoipayo, sizingatheke. Ngakhale nditatola mpaka kukalamba."

"Chitini cha maerecho chili kuti?" anafunsa Sajeni.

Chinali pashelefu pafupi ndi khomo, chitini chakale cha mkaka wa ufa. Norman anachitenga, koma anangochigwira.

"Munayamba mwachikhuthula n'kuwerenga?" ndinamufunsa.

"Tsiku loyamba. Tinawerenga limodzi ndi a Orton, zinali makumi atatu."

"Kuchokera apo?"

Anayang'ana pansi. "Amama, a Orton ndi msinkhu wa adada anga. Ndi mkulu wa mpingo. Iwo ankachitenga pashelefu, kuchikhutchumula, kuchikweza m'mwamba, ine n'kupisa dzanja nditayang'ana kumbali. Anyamata awo onse ali pomwepo. Ndikanati khuthulani ndiwerenge, kukanakhala kuwatchula wakuba pamaso pa anthu. Kwathu sitinaleredwe choncho."

"Kwathunso ayi," ndinatero. Ndipo zinali zoona. Ine ndemwe ndikanangopisa dzanja.

Sajeni analanda chitinicho n'kuchikhuthulira pa thebulo. Zinagwa zikulira, zina n'kugubuduka. Zinali zitsekerero za mabotolo, chilichonse ndi nambala mkati, ya penti wofiira.

Norman anaziika m'ndondomeko. Makumi awiri. Pambuyo pa 7 panabwera 9. Pambuyo pa 16 panabwera 18.

Ndinagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Chabwino," anatero Sajeni. "Maere anabedwa, ndavomera. Koma chitinichi chimakhala pashelefu, ndipo amene analowa kudzapungula penti akanathanso kuchotsamo zitsekerero. Mlonda sanatulukebe m'nkhaniyi. Akalaliki ndiwafunsa, adzati sakudziwa, ndipo munthu wa tayi amakhulupirika msanga kukhoti kuposa wa jasi. Koma wochotsayo sanazitaye, chifukwa tsiku lina bwana akanati tiwerenge, zimayenera kubwerera msanga. Ndipezereni khumi zosowazo, mayi. Komwe zili ndi komwe kuli wakuba."

Ndinkadziwa komwe zinali. Zinali m'chipinda changa chochezera, pansi pa nsalu ya makatani anga.

* * *

Ndinatuluka panja ngati fungo landikola. Ndinaganiza za Bernadetta tsiku lomwe tinafika, atanyamula ketulo ya tiyi ndi mbatata, akuti musatsegule makatoni lero, mwatopa. Ndinaganiza za usiku womwe mwana wanga wamng'ono anatentha thupi, iye n'kundiperekeza kuchipatala ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaganizanso za Jobu pakona paja, akudandaula za jasi. A Orton anali kubwera madzulo ndi mafuta awo, ndipo makinawo akangotuluka pakhomo panga, kansanza kaja kakanathera m'chimbudzi.

Ndikanazitenga ndekha n'kupita nazo kupolisi, akanati mlongo wake wa wakuba wabwera ndi zomwe mlongo wakeyo anamusungitsa. Zimayenera kupezeka pomwe zinali, ndi munthu wa yunifolomu.

Ndinabwerera m'kati.

"A Sajeni, m'galimoto mwanu muli malo?"

* * *

Tinafika ku Area 15 dzuwa litapendeka. Sajeni anauza dalaivala kuti akaime kuseri kwa mzere wa nyumba. Tinalowa atatu, ine, iye ndi Norman.

M'nyumba mwanga munali mosesedwa. Ana anali atasamba, akudya chinangwa kukhitchini pamodzi ndi ana a Bernadetta. Mwini wake anali pa makina, mwana wakhanda kumsana, akupalasa.

"Asisi, mwabwera! Ndinati ndisangokhala, ndabweretsa bobini yanga, ndakumalizirani imodzi." Anaona yunifolomu, anaimirira msanga n'kugwada pang'ono. "Takulandirani, bambo. A Jobu atuluka?"

Apa ndi pomwe ndikanamugwira dzanja n'kutuluka naye panja. Ndinaziganiza. Koma Sajeni anali atayamba kale.

"Zikuyenda, mayi, zikuyenda. Makina abwino awa. Ndi a Mayi Zikhale?"

"Ndi anga, bambo. Ndangowabwereka."

"Akazi anga akufuna otere. Timadirowa timeneti mumasungamo chiyani?" Anakoka, anatulutsa kansanza kaja, anakagwedeza pafupi ndi khutu.

Bernadetta anaseka. "Ako si kanga. Ndi ka bambo akunyumba. Amati ndi za masewera a dirafuti kuntchito, ndisamakhudze. Amuna ndi ana ndithu! Tsiku lomwe ndinabwereketsa makinawa iwo ali kuntchito, atabwera anakalipa mpaka osadya. Ndinati bambo, zitsekerero za mabotolo zomwezi? Ndikutolerani zina pagolosale."

"Anaziika liti m'menemu?"

"Kalekale. Chimanga chisanalowe m'nkhokwe."

Sajeni anamasula mfundo. Anayala zitsekererozo pa katani yomwe Bernadetta anali atangomaliza, chimodzichimodzi, manambala kumwamba. Norman anaziwerenga motsitsa. Khumi.

Bernadetta anayang'ana Sajeni, anayang'ana Norman. Kenaka anayang'ana ine, ndipo kuseka kuja kunachoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Asisi, n'chiyani?"

Panja panalira belu la njinga.

Windo la kumsewu linalibe katani, ndipo chitenje ndinali nditachichotsa m'mawa kuti ndiyeze. A Orton anaima pabwalo, dzanja limodzi pa handulo, lina litagwira kabotolo ka mafuta a makina. Anaona zonse: thebulo, nsalu, tizitsulo tofiira, chipewa cha Sajeni. Sanathawe. Anatsamiritsa njinga pakhoma bwinobwino, anavula zopanira thalauza n'kuziika m'thumba, analowa.

"Bambo," anatero Bernadetta, "anthuwa akufunsa za dirafuti yanu."

Sanamuyang'ane. Anayang'ana ine.

"Mayi Zikhale, ndikanamusamalira Efelo ndi ana. Sakanagona ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Ndinali nditakonza kale."

"Ana a Jobu ali ndi bambo awo," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati ndanena mfundo yabwino pa msonkhano wa mpingo. Anaika kabotolo kaja pa makina.

"Madontho awiri pa gudumu," anauza mkazi wake. "Osapitirira."

Sajeni anawatulutsa osawamanga unyolo, chifukwa cha ana.

* * *

Jobu anatuluka Loweruka masana. Choyamba anapita kukafuna jasi lija, analipeza, anakalipereka kwa akapitao m'manja, n'kunena kuti ntchito ya m'tauni yamukwana. Sabata yomweyo anatenga Efelo ndi ana kubwerera kumudzi kukadzala. Sanandithokoze ndi mawu ambiri. Ananditumizira nkhuku.

Zinadziwika kuti pentiyo ankatuluka masana, nthawi ya chakudya, pansi pa matumba opanda kanthu, n'kukathera pa makoma a nyumba za anthu olemera zomwe zinkamangidwa ku ma Area a mipanda italiitali. Dalaivala wa lole anagwidwanso. Norman sanachotsedwe ntchito, ndipo ndinamva kuti tsopano amakhuthula chitini pamaso pa aliyense, ngakhale bwana wamkulu, atayamba wapepesa.

Nyumba ya a Orton inali ya kampani. Anapatsa Bernadetta mpaka kutha kwa mwezi.

Sindinapiteko. Kawiri ndinaphika ndiwo zambiri n'kuika m'mbale, kawiri konse ndinafika pampanda n'kubwerera. Bernadetta ndiye anabwera, m'mawa wina ana atapita kusukulu, ndi mchimwene wake wa kumudzi woti anyamule. Anaima pakhomo osalowa.

"Ndabwera kudzatenga makina."

"Lowani, mumwe tiyi."

"Ndamwa."

Mchimwene wakeyo anasenza makinawo n'kutuluka. Iye anatsala pakhomopo, akukonza nsalu ya mwana kumsana ngakhale inali bwinobwino.

"Za a Jobu sindikukuimbani mlandu," anatero. "Akanakhala mlongo wanga, nanenso ndikanatero. Analakwa ndi bambo akunyumba, ndipo ndinawauza pamaso."

"Bernadetta..."

"Koma munkadziwa musanalowe m'nyumba muno. Munali ndi msewu wonse wochokera ku City Centre. Mukanangondiitanira kuseri, asisi. Mukanati Bernadetta, tuluka kaye, kaone ana."

"Mukanatani?"

"Sindikudziwa. Mwina palibe. Koma ana anga akadzakula n'kufunsa kuti anawaneneza bambo ndani, yankho lake ndine. Ndikuseka, nditagwada, ndikufunsa ngati alendo amwa tiyi."

Mawu ake ndi omwe anatsekera a Orton njira yonena kuti zitsekererozo anaika ndine, ndipo Sajeni ankadziwa zimenezo pomwe ankayamikira makina. Inenso ndinkadziwa. Ndinasankha Jobu, ndipo ndikanasankhanso Jobu, koma zimenezo si zouza mkazi amene akulongedza mbale zake m'makatoni.

"Bobini yanu yatsala," ndinatero.

"Ikhale."

Lole inabwera Lachitatu. Ndinaimva ikulira, sindinatuluke.

Makatani anatsala awiri. Madzulo ake ndinatenga ya pawindo loyang'ana kunyumba kwawo, ndinafunafuna singano m'chitini cha mabatani, ndinamasula ulusi pa bobini ija. Kusoka pamanja ndinasiya ndili mtsikana, ndipo zala zinaiwala. Katani yomwe anandimalizira Bernadetta inali itapachikidwa kale pawindo la kumsewu, mpendero wake wowongoka ngati wojambula ndi rula. Wanga unkapita uku ndi uku. Ndinasoka kutalika kwa chikhatho, ndinadzibaya, ndinayamwa chala, ndinapitiriza. Kunyumba kwawo mawindo anali mbee, mpaka kuona khoma la m'kati pomwe panali kalendala.

Wamng'ono anaitana kukhitchini kuti makala azima. Ndinabaya singano pa nsalu kuti ndisaiwale pomwe ndalekezera, ndinati ndikubwera, n'kusokanso pang'ono.